Kavidiyo ka ku Tottenham kaja, imvani mbali yanga

Ndakaona kuti kadzukanso pagulupu, kavidiyo kaja komwe ine wa Arsenal ndikulira maliro m'bala ya masapota a Tottenham mu London, musavutike kunditumizira. Achimwene a ku Leeds anditumizira kale, msuweni wanga wa ku Johannesburg wachita kuikamo nyimbo ya kwaya, ndipo mayi ku Chilomoni atakaona koyamba anaimba foni usiku kufunsa kuti wamwalira ndani. Masekondi 11 amene mukusekawo akubisa zambiri amangwetu, makamaka akubisa munthu amene anagwira foniyo.

Wolakwa ndi Mmereka uja. Tinkakhala nyumba imodzi chakufupi ndi Finsbury Park, iyeyo atabwera kudzaphunzira miyezi yochepa kuchokera ku Ohio, mwana wamtali ngati bulugamu, wosekerera aliyense, wopereka moni m'sitima yapansi, mu London muno momwe ukangomuyang'ana munthu m'maso amafinya chikwama chake. Za Tottenham ankangodziwa zoti pabwalo lawo latsopano lija, lomwe analitsegula mu 2019, pamaseweredwanso mpira wakwawo wovala zisoti uja wa NFL. Ndiye atamva kuti Lamulungu pa 15 January 2023 Arsenal ikupita komweko, akuti aise tiye tikaonere kudera kwawoko, timve mmene kumakhalira.

Ine ndinamuphunzitsa, Mulungu ndi mboni. Ndinamukhazika pansi kukhitchini nkumuuza kuti Arsenal si mbadwa ya kumpoto kwa London, inachokera ku Woolwich kutsidya kwa mtsinje mu 1913 nkudzamanga pafupi ndi eni dera, ndiye nkhaniyi ili ngati mlandu wa malire a munda, agogo amene anayambana anapita kalekale koma adzukulu akadali kwa amfumu. Ndinamuuza kuti mu 1971 komanso mu 2004 Arsenal inakatengera ligi pabwalo pawo penipeni pa White Hart Lane, pomwe iwowo ligi anaigwira komaliza mu 1961, Malawi tisanalandire ndi ufulu womwe. Ndinamuuzanso za Sol Campbell, kaputeni wawo amene mu 2001 anawolokera ku Arsenal osasiya ngakhale tambala, mpaka lero kumeneko amamutcha Yudasi. Iye nkumangogwedeza mutu akudya siriyo, akuti ndamva, ifenso tili nazo, Ohio State ndi Michigan. Ndinamuseka mwanayo.

Tsono ine katswiri wodziwa zonsezi ndinavala chiyani? Jezi yofiira ya pakaunjika ku Limbe, kumsana CAMPBELL 23. Dikirani kaye musanatukwane. Choyamba, derby sindionera popanda jezi imeneyo, ndi chithumwa changa kuyambira ndili Fomu 2. Chachiwiri ndinaivala mkati, pamwamba majuzi awiri ndi chijekete, January wa kuno sachita naye masewera. Chachitatu tinakula bwanji ife? Mu vidiyo sho ku Ndirande wa Chelsea ndi wa Man U amakhala benchi imodzi nkumabenthulirana chimanga chootcha, a Maule ndi a Manoma amatukwanana tsiku lonse pa Kamuzu Stadium koma pobwerera amapanikizana mu minibasi imodzi kondakitala nkumawatukwana onse. Mutu unkadziwa kuti kuno nzosiyana, koma mtima unali udakali ku Ndirande.

Kuchoka pa Finsbury Park kufika pa Seven Sisters ndi siteshoni imodzi yokha pa Victoria line, mphindi zochepa, koma ukatuluka pansipo uli dziko lina. High Road yonse zoyera ndi zabuluu, apolisi pa mahatchi aakulu ngati nyumba, fungo la anyezi wokazinga, mashopu a zilazi ndi nsomba zouma, Mmereka akujambula chilichonse mpaka ndowe za hatchi. Mabala a pafupi ndi bwalo ankafuna uonetse tikiti pakhomo, ife tinalibe, ndiye tinabwerera mmbuyo mpaka tinapeza kena kodzaza thothotho komwe wapakhomo anangotiyang'ana nkutilowetsa. Ndinamunong'oneza mnzangayo kuti muno ndife osalankhula, chilichonse chikachitika iwe yang'ana mowa wako.

Mphindi ya 14. Saka wa Arsenal kumanja uko, walowa nawo, wauponya pakati mwamphamvu, goloboyi wawo Hugo Lloris kufuna kuugwira mpira nkumuthawa m'manja, wadzichinya yekha.

Abale, thupi linanyamuka osatsanzika kwa mutu. Ndinangozindikira ndili chilili, manja onse m'mwamba, pakamwa pakutuluka CHALOWAAA la ku Ndirande lija, lochokera mumchombo. Ndili pakati pa AAA ndi pomwe ndinakumbukira komwe ndili. Bala yonse zii. Anthu mwina 200, ine ndinawerenga 3,000. Ndinkamva firiji ikulira kuseri kwa kauntala. Bambo wina anali atanyamula tchipisi chimodzi kupita nacho kukamwa, chinaima panjira. Pansi pa tebulo lina panali galu, nayenso anadzutsa mutu nkundiyang'ana mwachisoni ngati akuti iwe ndiye wapita. Manja anga akadali m'mwamba ngati abusa poitanira anthu kutsogolo, ndipo sindikanatha kungowatsitsa, manja oterowo amafuna chifukwa.

Apa ndiye mundipatse ulemu wanga, chifukwa nzeru zimene zinandibwerera si za munthu wamba. AAA uja sindinamudule, ndinangomukhotetsa. Manja ndinawatsitsa pang'onopang'ono nkuwasanjika pamutu, mawondo nkufooka, CHALOWAAA nkusanduka AAA MAYO INEEE. Ndinalira maliro. Enieni, a azakhali akamatsika minibasi nkuona anthu atasonkhana pakhomo. Ndinadzigwetsa pampando, ndinamenya tebulo, ndinafunsa Hugo kuti watilakwiranji, watisiyira ndani ana ako, zonsezi m'Chichewa chakuya chomwe ngakhale ine sindinkadziwa kuti ndili nacho. Misozi inabweradi, ya mantha koma ndani akanasiyanitsa.

Ndipo zinkayenda! Izi kavidiyo sikaonetsa. Bambo wa tchipisi uja anamaliza ulendo wa tchipisi chake. Gogo wina wachizungu wovala sikafu ya tambala wawo uja anandisisita kumsana nkumati pepa mwanawe, nthawi ikadalipo, tibweza. Wina kumbuyo anati taonani, uyu ndiye sapota weniweni. Ndinatsala pang'ono kugulidwa mowa ine.

Kenako Mmereka. Foni ili m'manja, mano onse panja, ndi mawu ake aja omveka mpaka ku Ohio, akuti ayi ayi musadandaule, sakulira ameneyu, ndi wa Arsenal, akusangalala! Aise taaonetse jezi ija! Sankandipereka dala ayi, ndicho chimandiwawa mpaka lero. Mumtima mwake ankaona ngati anthu aseka, tigwirana chanza, wina atigulira mowa nkujambulitsa limodzi. Ndiye pofuna kuthandiza anagwira chijekete changa kumsana nkukweza, majuzi onse awiri nkutsatira ngati anapangana. Gogo uja dzanja lake linali likadali pomwepo, pa nambala 23.

Sanandimenye, tisanamizire anthu. Kunangobwera chibambo china chadazi, khosi lofanana ndi mutu, nkundiuza mwaulemu kwambiri kuti mnzanga, ndikanakhala iwe ndikanapita kokayenda. Ulemu umenewo ndi umene unandiopsa kuposa kutukwana kumene kunayamba kumbuyo kwake. Wapakhomo anandiperekeza atandigwira pakhosi pa jekete, mapazi anga ankangogunda pansi mwa apo ndi apo. Mowa wanga ndinali nditangomwako kawiri, mtengo wake mukausintha kukhala makwacha mulira nanu.

Chigoli chachiwiri cha Ødegaard chinandipeza m'chimbudzi cha shopu ya nkhuku, ndili chifuwa pamtunda kuzizira konse kuja, ndikutembenuza jezi kuti dzina likhale mkati. Foni inanjenjemera m'thumba, kuyang'ana 2-0. Ndinasangalala ndi chala chimodzi chakuphazi, mkati mwa nsapato. Amene mukuti ndine wamantha, kumbukirani kuti tsiku lomwelo mpira utatha sapota wina wa Tottenham anadumpha nkumumenya theche Ramsdale kumsana, goloboyi wathunthu wa Arsenal, pamaso pa makamera ndi achitetezo. Ine ndinali ndi ndani? Mmereka.

Amenenso sanatuluke nane, mwaiwala kufunsa. Anatsala momwemo. Akuti ankafuna andipepesere, ndiye anthu aja atamva kalankhulidwe kake anayamba kumufunsa za kwawo, kumuphunzitsa nyimbo, kumugulira mowa chifukwa choulula kazitape. Anafika kunyumba cha m'ma 12 usiku ali dzandidzandi, sikafu ya Tottenham pakhosi, akuimba nyimbo yotukwana Campbell osadziwa nkomwe tanthauzo lake, nkundiuza kuti aise anthu aja ndi abwino bwanji, ukanangocheza nawo.

Anabwerera kwawo chilimwe chisanafike, mpaka pano ndi wa Tottenham ndipo mu May 2025 atatenga Europa League ananditumizira mavoisi 9. Sikafu ija anaiiwala pachitseko cha kukhitchini. Ndimatsekera mphepo pansi pa zenera, ndi yotentha bwino kunena zoona.