Usiku umene ndinawerenga mano anga ndi lilime

Lachiwiri usiku, cha m'ma 11, anzanga onse m'chipinda atagona, ine ndinali gone chagada, kuwerenga mano anga ndi lilime. Ndinapeza 30. Awiri akumbuyo kwenikweni sanamerebe koma malo awo alipo, ndiye kuti 32. Ndinadzambatuka, kuyatsa tochi ya pafoni n'kuvundukula manotsi. Nyani wathu wakuba chimanga uja, mano 32. Pusi, 32. Nchima, 32. Chimpanzi, 32. Koma uja wa m'nkhalango ya Amazon, wolendewera ndi mchira, 36. Ndinaseka ndekha mpaka mnzanga wa bedi lapamwamba anasuzumira n'kufunsa kuti, "Aise, mayeso akupengetsa kale?"

Masabata atatu ndakhala ndikulimbana ndi mutu wa mitundu ya anyani. Tinapatsidwa mapepala odzaza maina a Chilatini, dzina lililonse ndi dziko lake, chakudya chake, kulemera kwake. Ine n'kuyamba kuloweza monga tinazolowerera ku sekondale. Ndikagwira a ku Borneo, a ku Peru athawa. Ndikabwerera ku Peru, a ku Ethiopia asanduka a ku Japan. Pa intaneti ndiye zinanyanya, chifukwa kavidiyo kalikonse n'kosangalatsa: awa akusamba m'madzi otentha, awo akuswa mtedza ndi mwala. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada, ndipo pusi wake ndinali ine. Bandulo inatha, m'mutu mulibe kanthu.

Za kusiyana kwa changa ndi pusi sindinena, tonse tinadutsamo chaka choyamba. A lemur a ku Madagascar nawonso akhale pambali. Chimene chinanditsegula m'maso ndi ichi: nyama zonse zimene buku likuziunjika pa dzina limodzi la anyani lija si banja limodzi ayi. Pali mabanja awiri, ndipo chowalekanitsa ndi nyanja ya Atlantic. A ku Africa ndi ku Asia ndi Catarrhini, zibowo za mphuno zoyandikana, zoloza pansi. A ku South America ndi ku Central America ndi Platyrrhini, mphuno yophwatalala, zibowo zotalikirana, zoloza m'mbali. Tsono gwirani mphuno yanu. Yaloza kuti? Ifeyo, pamodzi ndi chimpanzi ndi gorila, tili m'kati mwa Catarrhini. Kutanthauza kuti nyani amene mumakumana naye pamsewu wokwera phiri la Zomba ndi m'bale wanga wapafupi kuposa mmene iyeyo aliri ndi nyani mnzake wa ku Brazil. Iwo awiri angofanana nkhope ndi mchira. Ubale wake wapafupi uli kwa ine.

Mawu amenewa ndinawalembapo m'kalasi, ali m'kope langa ndi cholembera changa chomwe. Koma sanalowe mpaka lilime litagunda dzino.

Chimwemwe changa chinatsala pang'ono kuthera panjira usiku womwewo. Nditatembenuza tsamba ndinapeza tianyani ta marmoset ndi tamarin, ta ku South America, natonso tili ndi mano 32. Mtima unangoti phwii. Ndiye kuwerenga kwanga konse kuja n'kwachabe? Ayi, nkhani si kuchuluka koma kayalidwe. Tengani theka la nsagwada imodzi, muwerenge motsatana mano akutsogolo, osongoka, otafunira ang'onoang'ono ndi otafunira akuluakulu: ife ndi nyani timayenda 2.1.2.3, a ku America ambiri 2.1.3.3, timarmoset 2.1.3.2. Nambala yachitatuyo ndiye mwini nkhani. Mano otafunira ang'onoang'ono aja, kwa ife ndi awiri, kwa onse a kutsidya kwa nyanja ndi atatu. Marmoset anangotaya dzino lalikulu lomaliza, n'kufika pa 32 podzera njira ina. Zili ngati anthu awiri okumana pa depoti, wina wachokera ku Mchinji wina ku Salima, iwe n'kumati ndi apachibale poti aima pamalo amodzi.

Mtengo wa ubale utagawika pawiri choncho, zina zonse zinayamba kukhala pamalo pake popanda kukakamiza. Mchira wogwira nthambi ngati dzanja uli kutsidya kokha, ndipo si onse: spider monkey, howler, woolly monkey, ndi capuchin pang'ono. Muno mu Africa mulibe ndi mmodzi yemwe wolendewera ndi mchira, kaya zithunzi za m'mabuku a ana zikunena zotani. Athu kuno ali ndi chimene a kutsidya alibe: zikundu. Chikopa cholimba chapamatako chija, chimene timachiseka m'miyambi, ndi mpando woyenda nawo. N'chifukwa chake nyani amatha kugona chokhala, pa nthambi kapena pa phompho la thanthwe pomwe kambuku amavutika kufikapo, usiku wonse osamva kuwawa.

Apa gelada wa ku Ethiopia anandikoma kwambiri. Amakhala pamwamba pa mapiri a Simien, mamita oposa 3,000, ndipo chakudya chake chachikulu ndi udzu. Tsiku lonse amakhala pansi, kukhwekhwereza matako uku akubudula udzu ndi zala. Kumbuyo kukabisika choncho, chizindikiro chofiira chija chili pachifuwa, pomwe anzake angachione. Akatswiri ambiri amafotokoza motero, ndipo ine ndinangoti inde, zikumveka. Poyamba ndinkaloweza zinthu zitatu zosiyana: udzu, mapiri, chifuwa chofiira. Pano ndi chinthu chimodzi.

Mbali yathu ino imagawikanso pawiri, ndipo apa m'pamene mudzi unandithandiza kuposa laibulale. Aliyense amene anakhalapo pa nsanja kulondera chimanga akudziwa zimene pusi amachita: sadyera pomwepo, amaunjika m'masaya n'kuthawa, akatafunira mumtengo uku akukuyang'ana. Matumba a m'masaya amenewo ndi chizindikiro cha nthambi yonse: nyani, pusi, nchima, mandrill wa ku Gabon, patas wothamanga m'madambo ouma a kumpoto, ndi a macaque onse a ku Asia. Amenewa sasankha, amadya zipatso, mbewu, ziwala, mazira, chilichonse chapezeka. N'chifukwa chake ali ponseponse. Macaque wa ku Japan amakhala mu chipale chofewa, ku Jigokudani m'chigawo cha Nagano amakaviika thupi mu akasupe otentha. Macaque wina ali ku Morocco, ku Algeria ndi pa thanthwe la Gibraltar, mchira wake sumaoneka n'komwe, koma si chimpanzi ayi, ndi msuweni wa pusi.

Nthambi inayo ilibe matumba m'masaya, ili ndi chifu cha zipindazipinda chodzaza tizilombo togaya masamba, pafupifupi ngati cha mbuzi. Amenewa ndi colobus kuno ku Africa, a langur ku India, ndi uja wa chimphuno cholendewera wa m'mphepete mwa mitsinje ya Borneo. Masamba sachedwa kupezeka koma amachedwa kugayika, ndiye nyamazi zimatha maola ambiri zili khale mumtengo. Zipatso zakupsa zotsekemera zimatha kuzitupitsa mimba monga imachitira mbuzi ikadya zosayenera. Ku Zanzibar, colobus wofiira wa ku nkhalango ya Jozani amadya makala, amachita kukaba pa uvuni wa anthu, kuti achepetse ululu wa masamba ena monga a mango. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira agogo akutimwetsa makala osinja tikadya chokayikitsa. Sindinaganizepo kuti nzeru imeneyi ili ndi mwini wina.

Ngakhale athu atatu a kuno anagawana malo mwadongosolo. Nchima zimafuna nkhalango yowirira, ya mitengo yogundana mitu, monga ku Zomba, ku Mulanje ndi ku Ntchisi, ndipo nthawi zambiri gulu limakhala ndi mphongo imodzi pakati pa zazikazi zambiri. Pusi amakonda tchire la m'mphepete mwa madzi, uku pansi uku mumtengo. Ku Liwonde ndi ku Cape Maclear simungamusowe. Nyani ndi woyenda pansi, mtunda wautali, gulu lalikulu. Ndiye nkhalango ikadulidwa, pusi ndi nyani amasamukira m'munda mwanu, nchima zimangosowa kolowera. Pusi yemweyo ndi amene Robert Seyfarth, Dorothy Cheney ndi Peter Marler anasonyeza mu 1980, ku Amboseli m'dziko la Kenya, kuti ali ndi kulira kosiyana pa kambuku, pa chiwombankhanga ndi pa njoka. Ankaseweretsa mawu ojambula: a kambuku, onse mumtengo, a chiwombankhanga, maso kumwamba n'kuthawira m'zitsamba, a njoka, kuima ndi miyendo iwiri kuunguza pansi.

Za kakhalidwe ka m'gulu ndinazigwira ndi mawu awiri apakhomo. Kwa nyani wathu, pusi ndi macaque ndi chikamwini: aakazi amakhala kwa mayi awo mpaka imfa, ulemu wa mwana wamkazi umatsata wa make, mwamuna akakula amachoka kukalowa gulu lina. Kwa spider monkey ndi chimpanzi ndi chitengwa: amachoka ndi wamkazi. Ndikudziwa kuti nyama sizifunsira mbeta, koma chiyambireni kuziona choncho sindinasokonezenso.

Tsopano njira yanga, ndipo ndiikakamira. Ndinatenga kalendala yakale, kuseri kwake n'kujambula mtengo, osayang'ana buku. Mphanda yoyamba mphuno ndi mano, yachiwiri masaya kapena chifu, kenako ndikupachika nyama iliyonse pa nthambi yake n'kunena mokweza, m'Chichewa, chifukwa chimene ikukhalira kumene ikukhalako. Ndikakakamira pena, ndiye kuti sindinamve, ndibwerere. Ndajambula mtengowu kasanu ndi kawiri tsopano. Ine ndikuti palibe phunziro limene silingagonje pa kalendala ndi pensulo. Mnzanga wa bedi lapamwamba uja akuti ndikukokomeza, akuti ndikayese pa chemistry tione. Ayankhule zake. Makadi ake oloweza aja ali mulu, koma dzulo nditamufunsa chifukwa chimene howler alili ndi fupa lalikulu lamphako pakhosi, anangondiuza dzina la fupalo. Kuti ndi ng'oma yokuzira mawu, yoti magulu azimvana patali m'nkhalango popanda kuonana, sanafikeko.

Chimandiwawa n'choti zonsezi zikanatheka tsiku loyamba. Aphunzitsi athu ndi odziwa, sindikuwanyoza, koma anabwera ndi masilaidi oposa makumi asanu pa ola limodzi, kuwerenga dzina ndi dzina ngati maina a opereka chipepeso pamaliro. Mtengo wa ubale unali pa silaidi yachitatu, unakhala pakhoma mphindi imodzi osakwana. Wina atafunsa ngati tiloweze onse, yankho linali lakuti, "Zonse zili m'manotsi." Ndikumvetsa, silabasi ndi yaitali, kalasi ndi yodzaza, teremu inayamba mochedwa. Komabe akanangotiuza kuti aliyense agwire mphuno yake. Ulendo wokaona nyama umene unalonjezedwa uja wasunthidwa kawiri, akuti mafuta. Chonsecho apusi amabwera okha kuseri kwa khitchini ya pahositelo kudzatola makoko a nthochi, ndipo palibe anatiuzapo kuti tikawayang'ane masaya.

Mtengo wanga uli ndi pofooka, ndivomere. Colobus ali ndi kachitsa chabe pamalo pa chala chachikulu, spider monkey nayenso chimodzimodzi, chonsecho ali mbali ziwiri za nyanja. Onse amagwiritsa dzanja ngati ngowe podumpha m'mitengo, aliyense anafika pamenepo payekha. Ndiye si chilichonse chofanana chimene chikunena za ubale, ndipo ine ndikadali wofulumira kukhulupirira maso.

Koma chondisowetsa tulo kwambiri ndi mphanda yoyamba ija. Ngati makolo a anyani a ku America anachokera ku Africa, anawoloka bwanji? Pa nthawiyo, zaka pafupifupi 35 mpaka 40 miliyoni zapitazo, maiko awiriwa anali atalekana kalekale, nyanja inali yopapatiza kuposa lero koma makilomita oposa 1,000 ndithu. Yankho la mabuku ndi lakuti anayandama pa chigumula cha mitengo ndi zomera zokokoloka ndi mtsinje. Umboni ulipo: timano takale topezeka ku Peru, monga ta Ucayalipithecus tolengezedwa mu 2020, tikufanana ndi ta anyani akale okumbidwa ku Fayum ku Egypt. Makolo a mbira zimene timaweta m'makhitchini nawonso akuti anayenda ulendo womwewo. Mu 1995 anthu anaona ndi maso abuluzi a iguana akufika pa chilumba cha Anguilla ali pa mitengo yoyandama, mphepo yamkuntho itadutsa. Inenso ndaonapo zidutswa za namasupuni ndi bango zikuyenda pa Shire, mbalame zitakwerapo ngati boti.

Koma buluzi amapirira ludzu, ndipo Shire si Atlantic. Kanyani, masabata angapo pamadzi amchere, kakumwa chiyani? Ndipo sikangakhale kamodzi, pafunika kakakazi ndi kakamuna, kapena kakakazi kapakati. Akuti pa zaka mamiliyoni, chinthu chovuta chimangofunika kutheka kamodzi kapena kawiri. Pa mayeso Lachisanu ndilemba choncho, ndipo mwina ndikhoza. Kungoti pa kalendala yanga, mzere wochoka ku Africa kupita kutsidya uja ndaujambula ndi timadontho, ndipo pensulo ikafika pamenepo imaima kaye. Kaya ndi ine amene sinditha kuona kutalika kwa zaka 40 miliyoni, kaya pali china chimene sindinachimve bwino. Mawa ndikawafunsa aphunzitsi, ngati ndikawapeze mu ofesi.