Wailesi ya agogo inatsala pang'ono kundipsera m'manja

Wailesi ya agogo ya mavalavu (timababu tagalasi tomwe tinkayendetsa mawailesi akale), ya m'ma 1950, yakhala pakabati zaka kaya zingati, nde sabata yatha ndinati ndiitsegule. Sindinangoibaya pasoketi ayi, ndinadutsitsa magetsi pa babu la 60W lakale lija la kawaya mkati (la LED silithandiza apa), kuti ngati muli shoti babulo liwale kwambiri thiransifoma isapse. Linawala kenako n'kuzilala, bwinobwino. Koma sipika inangoti mmmmm ngati njuchi zili m'mphako, olo utsitse voliyumu mpaka pansi osasiya.

Kulira kotere kawirikawiri ndi kapasita yaikulu ija yooneka ngati kachitini, ya 32+32µF (µF ndi muyeso wa kukula kwa kapasita), yomwe imasunga ndi kusalaza magetsi akachoka pa valavu ya EZ80, yomwe imasandutsa magetsi a pasoketi (AC) kukhala DC. Mankhwala amkati amauma ndi zaka. Yangayi inali itatupa kunsi, yatulutsa zoyera ngati mchere. Musanaigwire abale, ichotseni mphamvu kudzera pa rezista kenako muyeze ndi mita, mmenemo mumatsala ma 250V kapena kuposa olo pulagi mwazula kalekale.

Apa mpamene ndinapusa. M'bokosi ndinali ndi ya 100µF, ine nkumati yaikulu ndiye dilu, kulirako kutheretu. Kungoyatsa ndinaona timoto ta buluu tikuthetheka mkati mwa EZ80, mtima unangoti myuu, ndinazula pulagi dzanja likunjenjemera. Nditawerenga datasheet (pepala la malangizo la opanga valavuyo) ndi pomwe ndikuona kuti valavuyi imalola 50µF basi pa kapasita yoyamba, ukapyola pamenepo imakoka magetsi ochuluka kamodzinkamodzi mpaka cathode (kachitsulo kofiira mkati mwa valavu) kuwonongeka. Mwayi wake valavuyo sinafe. Ndinaika ziwiri za 33µF za 450V pansi pa chasisi, kachitini kakale ndinangokadula mawaya n'kukasiya pomwepo poti kamakongoletsa, njuchi zija zii.

Koma thiransifoma imatenthabe zosakhala bwino pakangotha mphindi khumi, ine kumangoikayikira kuti yapita. Eti vuto linali kwina, kakapasita ka pepala kokutidwa phula kopita pa grid (polowera mawu) ya EL84, valavu yokweza mawu opita ku sipika, kamadukiza magetsi, mita ikuonetsa mavoti angapo pamalo poyenera kukhala ziro, nde valavuyo imangomwa magetsi mopyola muyeso n'kulemetsa thiransifoma. Kakanthu kochepa ngati chala cha mwana! Ndinawotchererapo katsopano ka 630V.

Pano ukayatsa umadikira kaye timasekondi angapo mavalavu afiire, kafungo ka fumbi lotentha kaja n'kuyamba, kenako mawu amabwera pang'onopang'ono pa medium wave.