Lipoti la Ulendo Wathu wa ku Berlin pa 9 November

Gulu lathu la Amalawi ophunzira kuno ku Germany lidasankha dala tsikuli, chifukwa ndi usiku wa pa 9 November 1938 pomwe a chipani cha Nazi adatentha masunagoge ndi kuswa masitolo a Ayuda. Otilandira sadali a boma ayi, koma anthu wamba a m'dera la Mitte amene amasamalira timiyala totchedwa Stolpersteine, tokumbukira anthu amene adazunzidwa ndi kuphedwa ndi a Nazi.

Timiyalati n'tating'ono, masentimita 10 mbali iliyonse, pamwamba pake pali mkuwa. Amatiika m'njira ya oyenda pansi, pakhomo pa nyumba yomaliza imene munthu adakhalamo mwa kufuna kwake. Pamkuwapo pamalembedwa dzina, chaka chobadwa, tsiku limene adatengedwa ndi kumene adafera. Adayambitsa ntchitoyi ndi katswiri wa zaluso Gunter Demnig mu 1992 ku Cologne, ndipo mwala wa nambala 100,000 udaikidwa ku Nuremberg mu 2023.

Mayi wachikulire amene ankatitsogolera sadachuluke gaga m'diwa. Adangotigawira nsanza ndi mankhwala opukutira mkuwa, nati, "Gwadani, ana anga, dzina lioneke." Tili chogwada chomwecho ndiye adafotokoza kuti mwala uliwonse uli ndi ouyambitsa: aneba, ana asukulu kapena achibale amafufuza okha m'zikalata zakale, n'kusonkherana ndalama ngati za chipepeso pamaliro.

Pomwe tidakhalitsa ndi pa Brunnenstraße 193. Apa pali mwala wa Mahjub bin Adam Mohamed, wodziwikanso kuti Bayume Mohamed Husen, wobadwira ku Dar es Salaam mu 1904. Ali mwana adatumikira m'gulu la asilikali a Germany pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mu 1929 adafika ku Berlin kudzafunsa malipiro ake, koma adam'mana. Adakhazikika konkuno, akuphunzitsa Chiswahili ndi kusewera m'mafilimu. Mu 1941 adamangidwa pa mlandu wokhala pachibwenzi ndi mzimayi wachijeremani, natumizidwa ku msasa wa ukaidi wa Sachsenhausen komwe adafera pa 24 November 1944. Mwala wake udaikidwa mu 2007. Ambirife tinkadziwa za Ayuda 6 miliyoni amene adaphedwa ndi a Nazi, koma zoti munthu wa ku Tanzania, kungodumpha Songwe, adathera m'misasa yomweyo, zidatidzidzimutsa.

Mkangano udabuka pa nkhomaliro. M'bale wina adati dzina la malemu silipondedwa, kwathu ngakhale mtumbira sulumphidwa. Sali yekha: mzinda wa Munich udakana miyalayi pa malo a boma mu 2004, ndipo Charlotte Knobloch, mtsogoleri wa Ayuda kumeneko yemwe adapulumuka nthawi ya Nazi, amatsutsa pa chifukwa chomwecho. Ineyo ndikuwamva, komabe ndili mbali ya miyala. Chipilala chachikulu umachita kuchipitira, pomwe mwala wapakhomo umakuuza m'mawa uliwonse kuti munthuyo adatengedwa aneba akuona.

Odana nayo alipo ndithu. Mu November 2017 anthu ena adazula miyala ingapo ku Neukölln, dera lina la Berlin, koma anthu a m'deralo adasonkha ndalama ndipo ina yatsopano idaikidwa m'malo omwewo.

Ku Sachsenhausen sitidafikeko poti nyengo ino kumada msanga. Komiti yati ulendo umenewo udzakhale wa tsiku lathunthu, ndipo ofuna kupita alembetse kwa mlembi mwezi uno usadathe.