Chakudya cha pa bwalo la mpira chimapikisana ndi mphindi 15

Wogulitsa chakudya pa Mzuzu Stadium amayatsa mbaula dzuwa lisanafike paliwombo, koma ndalama yeniyeni amaigwira kawiri kokha: anthu akamalowa pageti, ndi pa mphindi 15 zopumulira pakati pa zigawo ziwiri za mpira. Oyimbira akangoliza wezulo, palibe sapota amene amasiya malo ake kukasaka tchipisi, makamaka tsiku limene Moyale Barracks yalandira timu yaikulu ya ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Vuto limeneli si la kuno kokha. M'mabwalo a ku Ulaya, ku America ndi ku Asia, zakudya zimene zinakhazikika ndi zija zodyeka ndi dzanja limodzi, zoperekeka mwachangu, komanso zotha kudikira wogula osawonongeka. Kukoma kumabwera pambuyo pa zitatuzi.

Ku England ndi ku Scotland chakudya cha pa mpira ndi pie: nyama yoduladula ndi msuzi wokhuthala, zotsekeredwa m'chikuto cha ufa wa tirigu. Palibe amene amaphika pie mpira uli mkati. Amaziphika kale n'kuziika m'kabati yotenthetsa, ndipo malamulo a kumeneko amafuna kuti chakudya chodikira ogula chisatsike pansi pa madigiri 63. Wogulitsa amangotola n'kupereka. Pambali pake pamakhala Bovril, msuzi wa ng'ombe wosungunula m'madzi otentha, umene anthu amamwera kuzizira. Ku Australia nakonso, pa bwalo la MCG ku Melbourne, pie wa nyama ndiye mwini malo.

Ku Germany ndi soseji yowotcha, bratwurst, yopanikizidwa m'kabanzi kakang'ono kuposa soseji yomweyo. Kabanziko ntchito yake n'kukhala chogwirira kuti zala zisapse, ndiye mbale ndi foloko sizifunika. Mabwalo ambiri a kumeneko amathira zakumwa m'makapu a pulasitiki olimba, ndipo wogula amasiya kandalama kachikole kamene amakatenga akabweza kapu. Zinyalala zimachepa popanda kulemba wosesa.

A ku Argentina ali ndi choripán, soseji ya chorizo m'buledi, yothiridwa chimichurri, kamsuzi kosaphika ka masamba a parsley, adyo, viniga ndi mafuta. Ambiri amaigulitsa panja pa bwalo, pa mawaya a makala ngati athu omwewa. Luso lawo limene wowotcha nyama aliyense angalitengere ndi ili: soseji ikatsala pang'ono kupsa amaing'amba pakati m'litali n'kuigoneka chafufumimba pamoto, kuti mkati mupse msanga ndiponso ikhazikike bwino m'buledi. Ku South Africa kuli boerewors roll, yomwe ndi nzeru yomweyo, ngakhale kuti panja pa mabwalo a ku Johannesburg mumapezanso pap, nsima yawo, ndi nyama ndi chakalaka, ndiwo ya masamba ya tsabola.

Ku Spain anthu ambiri sagula n'komwe. Amachoka kunyumba ndi bocadillo, buledi wautali wokhala ndi nyama kapena mazira, wokulungidwa m'foyilo, ndipo amamumasula nthawi yopumulira. Mpira uli mkati amangoswa pipas, nthangala za mpendadzuwa zokazinga ndi mchere, makoko n'kudzaza pansi pa mipando. Ku Turkey n'chimodzimodzi. Kwathu malo amenewa ndi a mtedza wokazinga ndi mzimbe, ndipo n'zimene zimayendabe malonda pamene chiwaya chaima chifukwa maso onse ali pa mpira.

Chophwanya lamulo la dzanja limodzi chilipo ku Brazil. Pa bwalo la Mineirão ku Belo Horizonte anthu amadya feijão tropeiro: nyemba zosakaniza ndi ufa wa chinangwa wokazinga, nyama ya nkhumba, masamba, mpunga ndi dzira pamwamba. Imafuna foloko, koma ndi youma, yopanda msuzi wotayikira pa malaya, ndipo imaphikidwa yambiri pakamodzi n'kumangopakula. Zipangizo zake zonse zili mumsika wa Mzuzu, kungoti ufa wa chinangwa wa ku Brazil ndi wamiseremisere, wosiyana ndi wosalala wa kondowole uja. Mukagwiritsa ntchito wa kondowole mupeza phala lomata.

Ku Japan, pa masewero a baseball, atsikana amabereka timigolo ta mowa tolemera makilogalamu oposa 10 n'kumakwera masitepe, kuthirira munthu pa mpando pomwe wakhala. Ku America ogulitsa hot dog (soseji m'banzi) ndi mtedza amayendanso m'mizere ya mipando. Mnyamata wa lichero la mtedza amene amadutsa pakati pa masapota ku open stand akuchita zomwezo: ngati wogula sangadzuke, katundu ndiye amutsatire. Za mitengo, bwalo la Mercedes-Benz Stadium ku Atlanta litatsegulidwa mu 2017 linayamba kugulitsa hot dog pa madola awiri, mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi mabwalo ena, ndipo eni ake ananena kuti ndalama zimene munthu mmodzi ankawononga pa chakudya zinakwera m'malo motsika. Munthu akaona kuti sakuberedwa amagula kawiri.

Mowa uli ndi nkhani yakeyake. Ku England lamulo la 1985 limaletsa kumwa mowa pamalo pamene ukuona bwalo pa mpira wa m'maligi akuluakulu, ndiye anthu amaugugudiza m'makonde nthawi yopumulira. N'chifukwa chake bwalo latsopano la Tottenham, lotsegulidwa mu 2019, lili ndi bala lotalika mamita 65 ndi makina odzaza kapu kuchokera pansi. Ku Scotland chiletso chinabwera pambuyo pa zipolowe za pa fainolo ya chikho mu 1980. Dziko la Brazil linafewetsa lamulo lake kuti mowa ugulitsidwe pa World Cup ya 2014, pamene Qatar mu 2022 inaletsa mowa m'mabwalo kutatsala masiku awiri kuti mpikisano uyambe. Mabwalo ambiri a ku Ulaya amakana mabotolo agalasi, ndipo ngakhale la pulasitiki amalichotsa chitsekerero, chifukwa botolo lodzaza ndi lotseka likaponyedwa limavulaza ngati mwala. Inu ogulitsa kuno, zakumwa za m'galasi muzithira m'kapu, botolo lizitsala m'kreti.

Tsopano tibwere pa chiwaya, poti m'pamene ambiri amaluza ndalama. Chitani masamu kaye. Mphindi 15 ndi masekondi 900. Mukamatha masekondi 20 pa kasitomala mmodzi, muthandiza anthu 45. Mukamatha 40 chifukwa mukusaka chenje kapena mukudikira tchipisi kuti chipse, muthandiza 22, ndipo otsalawo abwerera ndi ndalama zawo wezulo ikalira. Choncho nthawi yopumulira si yophika, ndi yopereka.

Mbatatesi yaiwisi imatenga mphindi 10 kapena kuposa kuti ipse m'mafuta. Njira yake ndi kukazinga kawiri. Sendani, dulani mofanana kukula kwa chala, tsukani m'madzi ozizira mpaka madzi asiye kuyera, ndipo umitsani ndi nsalu yoyera. Kukazinga koyamba kuchitike pa moto wofatsa, mafuta ali pa madigiri 140 mpaka 150, kwa mphindi 6 mpaka 8, tchipisi chifewe mkati koma chisafiire. Vuulani, yalani pa thireyi kuti chizizire, ndipo ntchito imeneyi ithe mpira usanayambe. Kukatsala mphindi 10 kuti chigawo choyamba chithe, kolezani moto, mafuta afike pa 175 kapena 180, ndipo kukazinga kwachiwiri kumangotenga mphindi ziwiri kapena zitatu. Ngati mulibe choyezera kutentha, ponyani kachidutswa kamodzi: kakamira n'kungokhala duu, mafuta sanatenthe, kakayandama pompo kakuchita thovu, afika, akamafuka utsi, apyola ndipo ayamba kuwonongeka.

Cholakwika chofala ndi kudzaza chiwaya poona mzere watalika. M'malita 5 a mafuta musaponyemo kuposa kilogalamu imodzi pakamodzi. Mukachulutsa, mafuta amazizira, tchipisi chimamwa mafuta n'kutuluka cholobodoka, ndipo mwaluza pawiri: nthawi ndi mafuta. Mchere muzithira kutali ndi chiwaya, chifukwa mchere ndi madzi ndi zimene zimadetsa mafuta msanga. Pogula mbatatesi dziwani kuti kilogalamu imodzi yaiwisi, mukachotsa makoko ndi madzi otuluka pokazinga, imatsala pafupifupi theka. Ngati mbale yanu ndi ya magalamu 200, mbale 50 zikufuna makilogalamu 20. Sankhani mbatatesi yokhwima, yolimba khungu. Yanthete ili ndi madzi ambiri. Ndipo musamangirire tchipisi chotentha m'jumbo, nthunzi imachinyowetsa munthu asanafike pa malo ake. Pepala la khaki ndi labwino. Nyuzipepala ayi, inki yake imakakamira pa chakudya. Majumbo opyapyala, osafika ma micron 60, ndi oletsedwanso m'dziko muno.

Kanyenya wa mbuzi amafuna nzeru yomweyo. Nyama ya mbuzi yaiwisi yoponyedwa m'mafuta otentha imapsa kunja, mkati muli gwa. Iduleni tizidutswa ta magalamu 30, kilogalamu yopanda mafupa ikupatsani pafupifupi 33, ndipo muiwiritse kunyumba ndi mchere, anyezi ndi adyo kwa mphindi 30 mpaka 40. Pa bwalo ingofunika mphindi zitatu kapena zinayi kuti ifiire. Nkhuku ndiyo yoopsa: ng'ambani chidutswa chimodzi pafupi ndi fupa, mukaona kufiira kapena timadzi ta magazi sichinapse, poti mkati muyenera kufika madigiri 75. Tsabola wa kambuzi akhale m'botolo lofinya, osati m'mbale imene aliyense akupisamo nyama yoluma kale.

Mandasi, zitumbuwa, zigege ndi samusa ndi zofanana ndi pie ya ku England, zophikiratu. Kilogalamu ya ufa wa tirigu, shuga magalamu 150, yisiti magalamu 10 ndi madzi ofunda opitirira pang'ono theka la lita zimatulutsa mandasi 25 mpaka 30. Asiyeni azizire musanawatsekere m'ndowa, apo ayi achita thukuta n'kumata. Samusa wa nyama musamuyese mnzake wa mandasi, sachedwa kuwonongeka pa dzuwa.

Ndimadabwa kuti tiyi sapatsidwa ulemu pa mabwalo athu. Mzuzu ili pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo mu June ndi July mpira wa masana umatha anthu akunjenjemera, nthawi zina kamvula kakuwaza. Tiyi akulimidwa ku Nkhata Bay konkuno, khofi wa Mzuzu Coffee amadziwika mpaka kunja, koma sapota amasowa chotentha choti agwire m'manja. Malita 20 amadzaza makapu 80 a mamililita 250, ndipo shuga kilogalamu imodzi imakwanira pa masupuni aang'ono atatu pa kapu. Masamba muwachotse pakatha mphindi 5, mukawasiya tiyi amawawa. Tsukuluzani fulasiki ndi madzi owira musanathiremo, kuti isabe kutentha. Mkaka ukhale pawokha, wowiritsa, chifukwa tiyi wosakaniza kale akatsala ndi wotaya. Jinja pang'ono amakopa amene asasa mawu ndi kuchemerera.

Mu October ndi November zinthu zimatembenuka, madzi ozizira ndi mafilizesi ndiwo ndalama. Zakumwa zigone mufiriji usiku, chifukwa cooler box ntchito yake ndi kusunga kuzizira, osati kuziziritsa zofunda. Mabotolo a malita awiri oumitsidwa kukhala ayisi amakhalitsa kuposa ayisi woswaswa. Ngati muli ndi mabokosi awiri, limodzi likhale chitsekere mpaka nthawi yopumulira. Thobwa samaleka kusasa ali m'botolo: pa dzuwa amawawasa ndi kutupitsa botolo, ndiye musadzaze mpaka kukamwa, ndipo akhale pamthunzi.

Za ukhondo sitinganyengererane, kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno. Tizilombo timaswana msanga m'chakudya chimene chili pakati pa madigiri 5 ndi 60, kutanthauza chofunda chija, ndipo chophika chisakhale pamtunda kuposa maola awiri. Chokayikitsa kwambiri pa chiwaya si nyama, ndi saladi wa kabichi ndi tomato, poti sapita pamoto. Mutsukeni ndi madzi othira WaterGuard, kachitsekerero kamodzi pa malita 20, mutadikira mphindi 30, ndipo muzidula pang'onopang'ono m'malo modzaza beseni m'mawa. Mpeni wa nyama yaiwisi usakhudze kabichi. Ndowa ya mpopi ndi sopo ikhale poonekera.

Pa benchi pakhale anthu atatu: wa pamoto, wopakula, ndi wa ndalama amene sakhudza chakudya. Mitengo igwirizane ndi ndalama za mapepala zimene anthu amayenda nazo, K500, K1,000, K2,000, kuti chenje chisadye masekondi aja, ndipo muilembe pa katoni ndi zilembo zazikulu kuti wa kumbuyo kwa mzere akonzeretu. Airtel Money ndi Mpamba n'zothandiza, koma anthu masauzande akaunjikana malo amodzi netiweki imalemera, choncho nambala ya bizinesi ilembedwe pomwepo ndipo wolipira pafoni aime pambali, mzere uziyenda. Musanapikule katundu funsani ku khonsolo ya mzinda ndi kwa oyendetsa masewero a tsikulo za chilolezo ndi malo oimapo, poti mbaula siiloledwa paliponse.

Kuchuluka kwa katundu kutsatire timu imene ikubwera. Bullets, Wanderers kapena Silver Strikers zikakhala mumzinda, pikulani mokwanira ndipo fikani mageti asanatsegulidwe. Masewero a pakati pa sabata a matimu ang'onoang'ono, theka lake likwana. Mbatatesi ina muisiye yosasenda m'thumba: yosasenda idikira Loweruka linalo, yodula kale imada ndipo siigona. Chigawo chachiwiri chikafika pakati, lekani kuponya zatsopano m'mafuta, samutsirani thireyi kufupi ndi geti lotulukira, ndipo zotsala muzigulitse motsitsa. Timu ya pakhomo ikapambana anthu amazengereza pageti n'kugula; ikagonja amadutsa osacheuka, ndiye muziyang'ana zigoli musanathire makala ena pa mbaula.