Sabata imene ndinamatula tchati pakhoma la kalasi

Ndimaphunzitsa Sitandade 6 pasukulu ina ya boma kufupi ndi Chinamwali mumzinda wa Zomba, ndipo m'rejisitala yanga muli ana 94, ngakhale kuti boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60. Sabata yachiwiri ya February ndinaiyamba ndi makope amene ndinachonga Loweruka kunyumba, ndipo zimene ndinapezamo zinandisowetsa mtendere mpaka Lolemba m'mawa. Mwa ana 86 amene analemba mayeso Lachisanu lapitalo, 79 anakhoza samu yophatikiza 75 ndi 48 imene ndinailemba m'manambala okhaokha. Pansi pake panali funso la m'Chingerezi lonena za wamalonda amene anagulitsa matumba 75 a mpunga n'kutsala ndi matumba 48, ndipo linkafunsa kuti poyamba anali ndi matumba angati. Manambala anali omwewo ndipo yankho linali 123 lomwelo, koma amene anakhoza anali 23 okha. Ambiri analemba 27, kutanthauza kuti munthu amene anali ndi matumba 27 anakwanitsa kugulitsa matumba 75.

Gwero la vutoli linali pakhoma la kalasi yanga. Kumayambiriro kwa chaka ndinamata tchati chimene ndinalemba ndekha, chowauza ana kuti akaona liwu lakuti "altogether" aphatikize, akaona "left" achotsere, akaona "share" agawe, ndipo akaona "each" achulukitse. Umu ndi mmene inenso ndinaphunzirira, ndipo ndinkakhulupirira kuti ndikuwapeputsira ntchito. Anawo anandimvera ndi mtima wonse. M'funso la mpunga lija munali liwu lakuti "left", choncho anachotsera 48 pa 75 osaiwerenga n'komwe nkhaniyo, monga amachitira munthu wosankha mpunga palichero, amene maso ake amangofuna timiyala basi. Lolemba piriyodi ya masamu isanayambe ndinamatula tchaticho ana onse akuona, ndipo ndinawauza mosabisa kuti chinawasocheretsa, komanso kuti amene anachilemba ndine.

Lachiwiri pa nthawi ya phala ndinaitana mtsikana wina wa zaka 12 amene madzulo amathandiza amayi ake kugulitsa mandasi m'mbali mwa msewu wopita ku Liwonde. Ndinamufunsa kuti, "Mwanawe, ndikagula mandasi 7 a K200 limodzi, n'kukupatsa K2,000, undibwezera zingati?" Asanatsitse n'komwe kapu yake anayankha kuti, "K600, Madamu. Asanu ndi K1,000, awiri otsalawo ndi K400, ndiye kuti ikwane K2,000 pakufunika K600." Funso lomweli linali pamayeso aja m'Chingerezi, ndipo m'kope mwake analemba 2,207, chifukwa anatola manambala atatu onse amene anawaona n'kuwaphatikiza. Mwana amene tsiku lililonse amabweza chenje kwa anthu akuluakulu osaluza ngakhale K50 ndinali nditamulemba m'gulu la ana ofooka pa masamu, ndipo zimenezi zinandipweteka kwambiri.

Mwanayu masamu amawadziwa, koma funso likalembedwa papepala saona msika, saona wogula, amangoona manambala atamwazikana pakati pa mawu achilendo. M'makalasi a m'munsi ana athu amamva zambiri m'Chichewa, ndipo akafika Sitandade 5 maphunziro onse kupatula Chichewa chenichenicho amakhala m'Chingerezi. Kuno ku Zomba ena mwa iwo kunyumba amalankhula Chiyao, moti Chingerezi ndi chilankhulo chawo chachitatu. Komabe mayeso a Sitandade 8 amene amakonzedwa ndi bungwe la MANEB, limene likulu lake lili mumzinda wathu womwe uno, masamu ake amabwera m'Chingerezi, ndipo mwana ayenera kulimva funsolo yekha popanda womumasulira.

Titabwerera m'kalasi ndinalembanso funso la mpunga lija pabolodi, koma manambala onse ndinawaphimba ndi timapepala, ndipo ndinalamula kuti zolembera zonse zikhale pansi. Aliyense anayenera kumufotokozera mnzake woyandikana naye, m'Chichewa kapena m'Chiyao, kuti nkhaniyi ikunena za ndani, chinamuchitikira n'chiyani, ndipo ife tikufunsidwa chiyani. Poyamba kalasi inangoti zii, chifukwa ana anazolowera kuti masamu amayamba ndi manambala, ndipo ena ankasuzumira kuti mwina aona zimene zabisika kuseri kwa timapepalato. Patapita mphindi zingapo phokoso linayamba. Nditafunsa kuti matumba amene wamalondayo anali nawo m'mawa anali ambiri kapena ochepa poyerekeza ndi amene anagulitsa, manja anakwera kalasi yonse, ndipo onse anati anali ambiri, popeza munthu sagulitsa katundu amene alibe. Nditachotsa timapepala tija, palibe amene anatchulanso 27. Funso limodzi lokhali linadya piriyodi yonse ya mphindi 35.

Poweruka, aphunzitsi a Sitandade 8, bambo amene agwira ntchitoyi zaka zoposa 25, anandiimitsa pansi pa mtengo wa mango. Anali atamva phokoso la Chichewa kuchokera m'kalasi mwanga, ndipo anati, "Madamu, mukawazoloweza chonchi, tsiku la mayeso adzawamasulira ndani? Akafika kwa ine chaka chamawa chinacho, nthawi yomasulira sindidzakhala nayo." Nkhawa yawo ndi yoona ndipo sindinaipeputse. Ndinawayankha kuti, "Bambo, funso lizikhalabe m'Chingerezi pabolodi, ndipo yankho azililemba m'chiganizo chathunthu cha Chingerezi. Chimene ndikupempha n'chakuti pakati pa ziwirizi mwana aloledwe kuganiza m'chilankhulo chimene amaganizira akakhala kumsika." Sanavomereze, koma anapempha kuti Lachisanu adzaone makope.

Lachitatu mvula inagwa kuyambira usiku, ana okhala kutsidya kwa mitsinje sanabwere, ndipo ndinawerenga ana 58. Madzi ankawomba malata mwamphamvu moti mawu anga sankapitirira mzere wachitatu, choncho ndinatulutsa thumba la zitsekerero za mabotolo zimene ana amatola, zipangizo zija zophunzitsira zopezeka m'dera lathu lomwe, zotchedwa TALULAR, zimene tinaphunzira kukoleji, ndipo magulu anasewera nkhani za malonda pansi. Pabolodi ndinajambula bokosi lalitali lodulidwa pawiri, mbali ina zogulitsidwa, mbali ina zotsala, ndipo pamwamba pa bokosi lonselo ndinaika chizindikiro cha funso. Ana anatengera chojambulachi mosavuta kuposa mmene ndinkayembekezera.

Tsiku limene ndinaphunzira zambiri ndi Lachinayi. Ndinapereka funso lakuti ana 100 akupita kukaona nyanja ya Chilwa ku Kachulu, minibasi iliyonse imanyamula anthu 16, ndiye pakufunika maminibasi angati. Kugawa kwenikweniko anthu ambiri anakuchita bwino, chifukwa 16 kuchulukitsa ndi 6 ndi 96, ndipo patsala 4. Koma mayankho anali osiyanasiyana. Gulu lalikulu linalemba kuti 6 kutsala 4, ena analemba 6 yokha, ndipo mnyamata wina wanzeru amene amakonda madesimo analemba 6.25. Ndinamufunsa mnyamatayu ngati anaonapo chidutswa cha minibasi chikuyenda pamsewu wa ku Jali, ndipo iye anayang'ana yankho lake kwa kanthawi n'kulifufuta yekha. Kwa amene analemba kuti kutsala 4, ndinaimiritsa ana anayi kutsogolo, n'kufunsa kalasi kuti anzathuwa tiwasiye pasukulu akulira kapena titani. Apa ndi pamene mawu anabwera kuchokera m'mbali zonse kuti pafunika minibasi yachisanu ndi chiwiri.

Kenako mnyamata wina amene amakhala kumbuyo, amene teremu yonse sanakwezepo dzanja, anaimirira n'kunena kuti, "Madamu, amalume anga ndi kondakitala. Anayiwo akhoza kungopanikizana ndi anzawo, sangalipire minibasi yonse chifukwa cha ana anayi." Kalasi inaseka, koma ine ndinawaletsa, chifukwa mwa ana onse amene anali m'chipindamo, iyeyu ndi amene analowa kwambiri m'nkhaniyo. Anaona depoti, anaona mipando, anaganizira ndi ndalama zomwe. Ndinamuyamikira, kenako tinabwerera limodzi ku mawu a funsolo, amene anati minibasi imanyamula anthu 16, osati kupitirira, ndipo tinakambirana mwachidule za ngozi zimene zimadza chifukwa chodzaza galimoto mopitirira muyeso. Analemba 7 atamvetsa chifukwa chake.

Ndisanawatulutse ndinawapatsa funso lina lofanana nalo pakagawidwe: mayi ali ndi mazira 100 ndipo thireyi imodzi imalowa mazira 30. Nditafunsa kuti adzadzaza mathireyi angati, yankho linali 3. Nditafunsa kuti afunika mathireyi angati kuti anyamule mazira onse, yankho linali 4. Nditafunsa kuti ndi mazira angati amene adzakhale pathireyi yosadzaza, yankho linali 10. Samu yogawa inali imodzi, koma mayankho olondola anali atatu malinga ndi chimene chafunsidwa, ndipo palibe tchati cha mawu chimene chikanawauza ana kuti asankhe liti. Ndinaona mtsikana wa mandasi uja akulemba mayankho atatuwo mofulumira, kenako n'kutembenuka kuthandiza mnzake.

Lachisanu m'mawa ndinawauza kuti aliyense apeke funso lake kuchokera pa zimene amaona kwawo, alilembe m'Chingerezi chimene angathe, n'kupatsa mnzake kuti ayankhe. Munatuluka matemba a ku Chilwa, milu ya tomato, ndalama za kabaza kuchokera ku Matawale kupita m'tauni, ndi zipatso zimene anyamata amagulitsa panjira yokwera ku Chawe. Mitengo imene analemba inali ya lero, ndipo zimenezi n'zofunika. Mabuku athu, amene amakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, ali ndi mitengo ya nthawi imene analembedwa, chonsecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo tambala ana awa sanaigwirepo m'manja. Mwana sangathe kuona ngati yankho lake lili lomveka pamene mtengo wa m'funsolo sukufanana ndi chilichonse chimene amachidziwa, choncho tsopano ndikamakopera funso pabolodi ndimasintha mitengo kuti igwirizane ndi ya kumsika.

Pambuyo pa buleki analemba mayeso a mafunso asanu, onse m'Chingerezi, opanda thandizo langa. Mwa ana 83 amene analipo, 51 anakhoza mafunso atatu kapena kuposerapo. Aphunzitsi a Sitandade 8 aja anatsegula makope khumi, anayang'ana timabokosi timene ana anajambula m'mphepete mwa mayankho awo, ndipo anapempha kubwereka thumba la zitsekerero lija. Ahedi posayina mapulani anga anandikumbutsa kuti ndatsalira ndi sabata yathunthu pa sikimu, ndondomeko ya zimene ndiyenera kuphunzitsa pa teremu, ndipo mutu wa maperesenti uyenera kutha teremu isanatseke. Ndinavomera kuti ndidzaonjezera theka la ola Lachiwiri ndi Lachinayi tikaweruka.

Makope amene ndinapita nawo kunyumba ndi 11. Eni ake sanajambule bokosi, sanalembe chiganizo, anangokopera manambala a m'funso n'kusiya pomwepo. Nditawaitana mmodzimmodzi n'kuwawerengera funso pakamwa m'Chichewa, asanu ndi awiri anayankha molondola, koma nditawapatsa chiganizo chachifupi cha Chichewa kuti awerenge okha, onse 11 anakakamira pa liwu lachiwiri kapena lachitatu. Anawa afika Sitandade 6 asanadziwe kuwerenga, ndipo m'kalasi ya ana 94 akhala akubisala kumbuyo kwa makope a anzawo. Ndapangana ndi aphunzitsi a Sitandade 2 kuti andibwereke makadi awo a maphatikizo a malembo, ndipo Lolemba ana 11 amenewa ndidzakumana nawo pakhonde 6:30 m'mawa, belu la asembule lisanalire.