Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Tsiku lomwe ndinadula velo yanga

Gawo lapita lija tinasiyana ndili m'minibasi, mwana pamiyendo, zikwama ziwiri za shangani pansi pa mpando, ndikubwerera kwa amayi ku Bangwe banja litavuta. Ambiri mwakhala mukufunsa kuti nanga zosokasokazi zinayamba bwanji poti za utelala sindinaphunzire kulikonse. Nkhani yake ndi iyi, koma musayembekezere kumva za makina ayi, chinthu choyamba chomwe ndinapanga ndi manja angawa singano inangolowapo malo amodzi basi.

Munali mu July 2017. Amene mumakudziwa ku Bangwe mukudziwa mmene chiperoni chimachitira miyezi imeneyi, kamvula kowaza kosaleka, nkhungu kutsika m'phiri mpaka pakhomo, zochapa kukhala pachingwe masiku atatu osauma. Mtsikana wanga anali atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 6, akumaliza sukulu ya mkaka kuti mu September akayambe sitandade 1. Tsiku lina wabwera ndi kapepala m'chikwama, a anti ake a kusukulu alemba kuti kudzakhala graduation ndipo atsikana onse adzavina, ndiye aliyense adzavale tutu ya pinki kapena yoyera. Abale, ine Tutu yemwe ndinkamudziwa ndi bishopu wa ku South Africa uja kkkk. Ndinachita kukafunsa kusukuluko mwamanyazi, n'kundionetsa pafoni kasiketi kofufuma ngati kabichi, ka neti yokhayokha, kamene amavala ovina ballet aja.

Mwanayo kuyambira tsiku limenelo nyimbo inali imodzi. Amami tutu yanga mugula liti, amami mnzanga amugulira kale. Ine nthawi imeneyo ndikukazinga mandasi 4 koloko m'mawa n'kumakagulitsa pamsewu, kaphindu kake kongokwana sopo, ndiwo ndi makala. Bambo ake ndinawatumizira uthenga pa WhatsApp, timizere tiwiri tinasanduka ta buluu, basi kunali zii.

Loweruka ndinatsika ku Limbe. M'sitolo ina ndinaipeza itapachikidwa pachidole, yokongola zedi, ndafunsa mtengo mnyamata wogulitsayo osandiyang'ana n'komwe akuti ma K2,000 anayi. Paja nthawi imeneyo K2,000 inali itangotuluka kumene kumapeto kwa 2016, ena tikuiopa ndi kuigwira komwe. Ndinangoti ndibweranso. Kukaunjika ndinavundukula milu mpaka msana kuwawa, ndinapezako kamodzi kakang'ono ka khanda, kong'ambika kale. Atelala ena apakhonde anandiuza kuti mayi kaguleni neti mamita 4 ndi nsalu yamkati, ine yanga ndi yosokera, ndipo mudzatenge sabata ya mawa chifukwa ndili ndi mayunifolomu a chinkhoswe. Nditawerengera zonse zinkangofanana ndi ya m'sitolo ija. Ndinagula mita imodzi yokha ya neti ya pinki, lastiki ndi kariboni, osadziwa kuti mita imodzi ndikatani nayo, kungoti ndisabwerere chimanjamanja mwana akandichingamira.

A neba athu, mayi abwino koma ofulumira nzeru, akuti iwe bwanji osangodula neti ya udzudzu, si uli nawo awiri a kusikelo. Ndinakana. Neti imeneija ili ndi mankhwala, ikakhala yatsopano ngakhale wamkulu ukaigunda nkhope usiku umadzuka kukuyabwa, ndiye ndimumange nayo mwana m'chiuno tsiku lonse? Komanso mtundu wake wa girini uja aliyense akanangoona n'kudziwa, mwana wanga n'kusanduka nthabwala ya sukulu yonse.

Usiku umenewo mng'ono wanga anandibwereka foni yake ili ndi kabandulo ka usiku, tinalowa pa YouTube. Mzungu wina akupanga tutu atakhala pansi, makina ayi, singano ayi, akungodula tizidutswa n'kumamanga mfundo pa lastiki. Chizungu chake chinali chothamanga koma manja ndinkawamva bwinobwino. Ndinaonera kanayi. Vuto linali limodzi, neti yochuluka choncho ndiitenga kuti.

Ndiye maso anga anagwera pa sutikesi yomwe inali pamwamba pa wadilopu.

Velo yanga ine sindinabwereke ngati mmene amachitira ambiri, ndinachita kusoketsa, ndalama zake ndinasunga miyezi isanu ndi itatu ndikugwira ntchito mushopu. Pansi pake atelala anaikamo neti yoyera magawo atatu kuti izifufuma ndikamayenda. Pochoka kubanja kuja mapoto ndinasiya, mbale za pa perekaniperekani ndinasiya, koma velo ndinanyamula, musandifunse chifukwa chake poti inenso sindinkadziwa kuti ndikuisungira chiyani.

M'mawa mwake ndaiyala pamphasa, sizasi ili m'manja, amayi akulowa kuchokera kutchalitchi. Anaima pakhomo osavula ndi nsapato zomwe.

"Iwe, ukufuna kutani ndi chimenecho?"

"Ndikufuna neti yam'katiyi amayi, ndimupangire mdzukulu wanu siketi."

"Velo sadula mwanawe. Ankhoswe sanakhale pansi, nkhani siinathe, mawa mwamuna wako akabwera kudzapepesa udzati chiyani?"

Ndinawayankha kuti amayi, ngakhale atabwera atagwada kuchokera ku Limbe mpaka pano, kodi velo ndidzavalanso kachiwiri? Sanayankhe. Anakhala pampando n'kumasula duku, n'kumanganso, n'kumasulanso, ndipo amayi anga akayamba zimenezo umangodziwa kuti mawu alipo ambiri koma awameza. Ine manja akunjenjemera, osati chifukwa cha chiperoni ayi. Nsaluyo inali ikadali ndi kafungo ka perefyumu wa tsiku lija, m'munsi mwake muli kadothi kofiira ka pabwalo la tchalitchi komwe sikanachoke pochapa. Ndinalowetsa sizasi pamsoko woyamba, kulira kwake kwa neti ikamadulidwa kuja, kwee kwee, mpaka lero ndikakumva kushopu kwanga mtima umadumpha pang'ono. Amayi anadzuka n'kupita kukasonkha moto.

Tsopano kwa inu amene mumandifunsa kapangidwe kake, mvetserani pano chifukwa sindibwerezanso kkkk. Ndinamuyeza mwana m'chiuno ndi tepi ya a neba, anakwana masentimita 52. Lastiki umadula wochepera pang'ono, ine ndinadula 47, chifukwa ukamangirira neti amatamuka. Nsonga ziwirizo umaziphatikiza n'kusoka ndi singano mobwerezabwereza, kusoka kwake n'komweko basi. Kenako neti umaidula mizeremizere, mulifupi masentimita 15. Kutalika kwake umatenga kutalika kwa siketi yomwe ukufuna n'kuwirikiza kawiri, n'kuwonjezera pang'ono pa mfundo. Ine ndinkafuna ifike pamwamba pa mawondo ndiye chidutswa chilichonse chinali 60. Kuyeza chimodzichimodzi ungachite misala, ndiye ndinadula katoni ya sopo kutalika 30, n'kumakulunga neti mozungulira katoniyo kambirimbiri, kenako kudula mbali imodzi yokha, zonse zimatuluka zofanana. Ubwino wa neti imeneyi siyosomoka ulusi m'mphepete ngati chitenje, ukadula wadula, palibe zopinda.

Lastiki uja ndinamukoleka pa ndowa yoivundikira pansi. Umatenga chidutswa, kuchipinda pakati, kulowetsa kopindako kunsi kwa lastiki, kenako michira iwiri ija kuipisa m'kabowoko n'kukoka. Ziwiri zoyera, chimodzi cha pinki, ziwiri zoyera, chimodzi cha pinki, kuti mita yanga imodzi ija ikwane kuzungulira.

Kunena n'kosavuta. Ulendo woyamba ndinkakoka mfundo ndi mphamvu zonse ngati ndikumanga mbuzi, mwina mkwiyo wa zaka zisanu ndi ziwiri unkathera pamenepo, lastiki anapindika n'kutamuka moti nditamuveka mwana siketi inangotsika yokha mpaka kumapazi iye ali chiimire. Analira, inenso pang'ono ndilire. Ndinamasula zonse, zidutswa 40 ndi kanthu, chimodzichimodzi ndi zikhadabo. Ndiye poti zinali zitakwinyika ndinati ndizisite. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa monga mwa masiku amenewo, ndinatenga simbi ya makala. Abale musadzayerekeze. Neti ija ndi pulasitiki, simbi itangokhudza inangoti fwaa, bowo, fungo ngati wawotcha jumbo, zina n'kumatirira kunsi kwa simbi ya amayi. Zidutswa zisanu zinapita pamenepo. Masiku ano ikakwinyika ndimangoipachika pafupi ndi nthunzi ya madzi otentha, imawongoka yokha. Ndipo mwana akavala tutu asayandikire mbaula kapena kandulo, izi ndimauza kasitomala aliyense ngakhale andione ngati wolongolola.

Usiku wa Lachinayi, graduation ili mawa lake, ndinali ndikadali pa ndowa paja ndi tochi ya foni kukamwa, zala zitachita dzanzi. Amayi anali asanandilankhule bwinobwino masiku anayi, za mchere ndi madzi zokha. Ndinangomva mphasa yalira pambali panga.

"Mfundo zakozi zikuyang'ana kosiyana, ina kumwamba ina pansi, n'chifukwa chake ikuoneka ngati nkhuku yonyowa. Bweretsa kuno."

Anayamba kumanga iwo, modekha, osakoka kwambiri, akukankhira mfundo iliyonse pafupi ndi inzake ndi chala chachikulu, ine ndikungowapatsira zidutswa ndi kuwaunikira. Za velo sanatchule, za mkamwini wawo sanatchule. Anangondiuza kuti kale ali mtsikana ku Thyolo ankaluka zoyala patebulo n'kumagulitsa kwa akazi a makalaliki a kumaesiteti a tiyi, nkhani yomwe moyo wanga wonse ndinali ndisanaimvepo. Tinamaliza cha m'ma 11, zidutswa 58, riboni kutsogolo. Titaichotsa pa ndowa inaima yokha pamphasa.

M'mawa kunazizira koopsa. Ndinamuveka thayiti yoyera ya kukaunjika mkati, poti neti imakanda khungu komanso payokha imaonetsa zam'kati, pamwamba kajuzi. Njira yonse ankayenda manja atatambasula kuopa kuikhudza, anthu a pamsika akumuimbira m'manja, amvekere mkwatibwi wamng'ono, ine ndi amayi tinangoyang'anana.

Kusukulu ma tutu a m'sitolo analipo ambiri ndithu, ena a magawo awiri okha ofota ngati masamba a dzana. Ya mwana wanga ndi yomwe inafufuma kuposa onse, sindikudzitama, neti ya velo ndi yolimbirapo kusiyana ndi yofewa ya pa mita ija. Povina anaphonya masitepe pafupifupi onse chifukwa maso anali pa siketi, akungozungulira kuti aione ikuuluka. Mayi wina wokhala kumbuyo kwanga anandikodola, akuti asisi mwagula kuti imeneyi, ndili ndi birthday ya mwana mwezi wa mawa. Ndinati ndapanga ndekha. Anatenga nambala yanga pomwepo.

Mwambo uli pakati ndinaona munthu waima kugeti, jekete yachikopa yomwe ndinamugulira ine. Bambo ake. Uthenga sanayankhe koma tsiku analisunga. Atatha kulandira timasatifiketi tawo mwana anathamangira komweko, iwo anamunyamula, akuti wachena bwanji mwana wanga, ndani wakugulira siketi yokongola chonchi. Anafunsa akuyang'ana ine, ndipo funso lenileni ndinalimva, ankafuna adziwe ngati pali mwamuna wina amene wayamba kugula zinthu pakhomo pa amayi.

Ine ndisanatsegule pakamwa mwana anayankha yekha mokweza, makolo onse akumva.

"Sanagule adadi, amami adula velo yawo ya ukwati ija, agogo ndi amene amanga!"

Anamutsitsa pansi pang'onopang'ono. Anagwira kansonga ka neti yoyera ndi zala ziwiri, kuyang'ana ine, kuyang'ana apongozi awo. Amayi anga anangokonza duku lawo n'kunena kuti tiyeni ana inu, mvula ikubwera.

Lamlungu lotsatira ankhoswe a mbali zonse ziwiri anafika kwathu 2 koloko masana, ndipo zomwe zinayankhulidwa pamphasa paja ndi za gawo 18.