Zatheka tsopano: zikomo nonse amene munandipirira masabata atatu aja

Lachinayi usiku, cha m'ma 11 koloko, mwana wina wa Fomu 4 wa ku Zolozolo ananditumizira uthenga wa mawu awiri okha: "Ndalowa, aphunzitsi." Ndinadzuka pampando n'kukuwa, mpaka mayi a kunyumba anatuluka kuchipinda atafunda bulangeti kudzafunsa ngati kwabwera akuba. Kunalibe akuba. Seva yathu, kompyuta imene imasunga tsamba lathu la pa intaneti, inali itavomera mwana woyamba.

Kwa amene simukuidziwa nkhaniyi, ife ndi timasukulu titatu tophunzitsa ana madzulo kuno ku Mzuzu, ku Chibavi, ku Luwinga ndi ku Zolozolo. Tinagwirizana zoika manotsi ndi mapepala akale a MSCE pamalo amodzi pa intaneti. Koma palibe mwini sukulu amene anafuna kupereka mayina ndi mapasiwedi a ana ake kwa mnzake, ndipo ine sindinawadabwe. Inenso sindinkafuna kusunga mapasiwedi a ana a eni pa kompyuta imene imagona pansi pa tebulo langa.

Njira inalipo kale. Imatchedwa OpenID Connect, inatuluka mu 2014, ndipo inamangidwa pamwamba pa njira ina yoperekera chilolezo pa intaneti yotchedwa OAuth 2.0. Maganizo ake ndi akale kuposa apo, chifukwa OpenID yoyamba anaiyambitsa Brad Fitzpatrick mu 2005 ali ku LiveJournal, tsamba la mabulogu. Kwa eni masukulu aja ndinkaifotokoza ngati kalata ya kwa amfumu. Ukapita kudera lina sufunika kuulula zonse za kwanu, umangoonetsa kalata ya chidindo yonena kuti amfumu ako akukudziwa. Apanso mwana amalemba pasiwedi pa seva ya sukulu yake, sevayo imamupatsa kalata yosainidwa yotchedwa token, ndipo tsamba lathu limangoyang'ana ngati siginecha ili yoona. Pasiwediyo ife sitiiona n'komwe.

Ndinapeza code yachitsanzo, mizere ya pulogalamu yolembedwa kale, imene anthu ena anaika poyera kwaulere. Pa laputopu yanga inayenda tsiku lomwelo, ndipo ndinalonjeza anthu kuti pofika Lolemba zikhala zitatha. Pakamwa panga mpamene panandipachika.

Nditangoisamutsira pa seva yeniyeni, kompyuta yakale ya Ubuntu, zinthu zinasokonekera. Vuto loyamba linali kamzere kamodzi kopendekeka kumapeto kwa redirect URI, adiresi imene mwana amabwezedwako akatha kulemba pasiwedi. Adiresi imene unalembetsa iyenera kufanana ndendende ndi imene ukutumiza, ndipo kamzereko kanandidyera masiku awiri. Lachiwiri linali Nginx, yolandira alendo pakhomo pa seva, imene sinkauza pulogalamu yathu kuti mlendo wabwera pa https, njira yotetezedwa, ndiye pulogalamuyo inkamubweza pa http, yosatetezedwa. Satifiketi ya Let's Encrypt, yaulere ija ya masiku 90 yotsegulira https, inalibe mlandu ngakhale ndinaitukwana kokwanira.

Lachitatu ndi limene linandiwondetsa. Tsiku lina munthu ankalowa bwinobwino, mawa lake seva n'kukana token iliyonse, ati yaperekedwa nthawi imene isanakwane. Ndinafufuta zonse n'kuyambiranso kanayi. Ndinakayikira kusiyana kwa maola awiri pakati pa nthawi yathu ndi UTC, nthawi imene dziko lonse limayendera, koma si zimenezo, popeza nthawi ya mu token imawerengedwa m'masekondi kuchokera pa 1 January 1970 ndipo silabadira kuti uli ku Mzuzu kapena ku London. Kuzizira kwa kuno mukukudziwa. Ndinkakhala pamenepo mpaka tambala woyamba, zala zitauma, kapu ya khofi itazizira pambali, ndikuwerenga mizere yomweyomweyo.

Tsono ndiyambe kuthokoza. Achemwali a ku Lilongwe, amene tinaphunzira limodzi ku Mzuni, inu ndinu munandichotsa m'dzenje. Ndinakutumizirani zithunzi khumi ndi kanthu za malogi, zimene seva imalemba pa zonse zochitika, inu osayankha za code ngakhale pang'ono. Munangoti, "Achimwene, talembani date pa sevapo mundiuze ikuti chiyani." Ndinalemba lamulo lofunsira nthawilo. Seva inkati ndi 3 koloko masana, pamene kunja kunali kutada kale. Kenako munafunsa ngati magetsi anathimako tsikulo. Anali atathimadi.

Nkhani yonse inali apa. Mkati mwa kompyuta muli kabatire kozungulira ngati kandalama kachitsulo, CR2032, kamene kamayendetsa wotchi makinawo akazima. Kathu kanali katatha kalekale. Magetsi akathima wotchi inkasokonekera, akayaka inkadzuka ili m'mbuyo. Ikanatha kudzikonza yokha pofunsa nthawi pa intaneti kudzera pa NTP, koma ine mwini, pofuna kuoneka wosamala za chitetezo, ndinali nditatseka madoko onse, makomo a manambala odutsira uthenga, pa firewall, mpanda wotchinjiriza seva, ndi 123 yomwe imene NTP imadutsira. Ndiye kalata ikabwera ndi nthawi yolondola, seva yanga inkaiona ngati yochokera kutsogolo. Masiku amene zinkayenda ndi aja ndinali nditangoikanso zonse mwatsopano, wotchi ili bwino. Mlandu wonse unali wanga, ndipo ndikuuvomera pagulu pano.

Zikomo kwa bambo okonza mawotchi mumsika waukulu, amene munafufuza m'kabotolo kanu mpaka kupeza batire loyenera, n'kuliyesa kaye ndisanalipire. Munandifunsa kuti ndi la wotchi yanji, nditati ndi la kompyuta munaseka n'kunena kuti nayonso ndi wotchi basi. Yewo chomene, adada.

Alamu anga a ku Katoto, batire lanu la sola ndi inveta zakhala kwathu masabata awiri kupitirira tsiku limene tinapangana, inu osandikumbutsa ngakhale kamodzi. Ndizibweretsa Loweruka ndi kabaza. Eni masukulu atatu, munandiimbira kangapo, koma palibe ananena kuti tingozisiya, tibwerere kogawana mapepala pa WhatsApp. Mmodzi wa inu anafika ponditumizira ndalama ya bandulo ndisanapemphe.

Amene analemba code yachitsanzo ija sindikuwadziwa ndipo mwina Chichewa samva, komabe ndiwathokoze. Pamwamba pa mzere wofufuza state ndi nonce, zizindikiro zotsimikizira kuti kalatayo ndi ya amene waipemphadi, anasiya ndemanga yochenjeza kuti munthu asauchotse ngakhale zitavuta bwanji. Usiku wina ndinatsala pang'ono kuchotsa macheke onse kuti zingoyenda, ndipo zikanayendadi, koma chitseko chikanakhala pululu kwa aliyense wobwera ndi kalata yakuba. Ndemanga ija inandigwira dzanja.

Mayi a kunyumba, inu munagona nokha masabata atatu nyale ikuyaka pabalaza, m'mawa n'kumandiikirabe madzi osamba otentha. Kabatire kakufa kaja mwakamata ndi selotepi pachitseko cha firiji kuti ndizikaona tsiku lililonse. Ndakaona, ndipo sindikachotsapo.

Pakadali pano ana a ku Zolozolo ndi ku Chibavi akulowa. A ku Luwinga tiwalumikiza Lachiwiri, ndikakaona kaye wotchi ya seva yawo. Ndipo inu a Fomu 4 amene munkati simunalembe ntchito ya Biology chifukwa tsamba silikutseguka, latseguka tsopano. Ndiifuna Lolemba.